Mukaona Myuda kapena Msilamu akuchitiridwa nkhanza ku Britain: zoyenera kuchita

Amalawi ambiri amatsika ndege ku Heathrow kapena ku Manchester asanaonepo Myuda ndi maso. Ayuda timawadziwira m'Baibulo, m'Qur'an ndi pa nkhani za nkhondo ya ku Gaza basi. Kenako ntchito yosamalira okalamba, yoperekera katundu m'makomo kapena ya ulonda imakufikitsani ku Golders Green, Stamford Hill, Prestwich kapena Salford, kumene bambo wa chipewa chakuda ndi ndevu zake amakwera nanu basi imodzi, ndipo mayi wovala hijabu amakhala pampando wotsatira. Kalembera wa 2021 anapeza Ayuda pafupifupi 271,000 ku England ndi Wales, pamene Asilamu anali 3.9 miliyoni. M'madera ena a London ndi Manchester, kuchoka pa mzikiti kufika pa sunagoge ndi ulendo wa mphindi zochepa wapansi.

Nthawi zambiri anthuwa amakhala bwinobwino, kugulana malonda ndi kupatsana moni. Koma nkhondo ikabuka ku Israel ndi Palestine, utsi wake umafika m'misewu imeneyi. Bungwe la Community Security Trust, lomwe anthu amangoti CST, limateteza Ayuda ndi kuwerenga nkhanza zowachitikira. Mu 2023 linalemba nkhani 4,103, zambiri mwa izo pambuyo pa 7 Okutobala, tsiku limene gulu la Hamas la ku Gaza linaukira Israel, ndipo mu 2024 linalemba 3,528. Nalo bungwe la Tell MAMA, lomwe lakhala likuwerenga nkhanza zochitira Asilamu kuyambira 2012, linaona chiwerengero chikukwera kwambiri m'nyengo yomweyo. Malangizo ali pansipa ndi a munthu wamba amene angakumane ndi zoterezi pamsewu, kuntchito kapena pa gulu la WhatsApp, komanso a atsogoleri a mizikiti, mipingo ndi magulu a Amalawi. Malamulo omwe tikutchula ndi a England ndi Wales. Scotland ili ndi lamulo lakelake, ngakhale manambala a apolisi ndi omwewo.

Dziwani kaye chimene chikuchitika

Choonadi sichifuna kubisa. Ziwembu zambiri zimene zapha Ayuda ku Ulaya m'zaka makumi awiri zapitazi zinachitidwa ndi anthu odzitcha omenyera Chisilamu. Pa 19 Malichi 2012, Mohammed Merah anapha mphunzitsi ndi ana atatu pa sukulu ya Chiyuda ya Ozar Hatorah ku Toulouse. Mu Meyi 2014 anthu anayi anaphedwa pa nyumba yosungiramo mbiri ya Ayuda ku Brussels. Pa 9 Januwale 2015, Amedy Coulibaly anapha Ayuda anayi m'sitolo ya Hypercacher ku Paris. Pa 2 Okutobala 2025, tsiku la Yom Kippur, lomwe ndi lopatulika koposa kwa Ayuda, munthu wina anagunda anthu ndi galimoto n'kuyamba kuwabaya pa sunagoge wa Heaton Park ku Manchester, ndipo anthu awiri opembedza anataya moyo. Amene amati Ayuda akungokokomeza mantha awo sanawerenge mndandanda umenewu.

Koma pali zinanso zoona zimene anthu okonda kusonkhezera moto amazisiya dala. Merah ndi Coulibaly sanali alendo obwera: anabadwira ku France komweko. Munthu woyamba amene Merah anamupha anali msilikali wa Chisilamu, Imad Ibn Ziaten, ndipo mayi ake, Latifa Ibn Ziaten, akhala akuyenda m'masukulu kuchenjeza achinyamata kuyambira nthawi imeneyo. Amene anabisa ogula m'chipinda chozizira pansi pa sitolo ya Hypercacher anali Lassana Bathily, mnyamata wa Chisilamu wochokera ku Mali. Amene anapha Ayuda 11 ku Pittsburgh, America, mu 2018, ndi amene analephera kuthyola chitseko cha sunagoge ku Halle, Germany, mu 2019, anali azungu atsankho, a maganizo ofanana ndi amene anapha Asilamu 51 ku Christchurch, New Zealand. Patangopita masiku awiri chichitikireni cha ku Heaton Park, mzikiti wa ku Peacehaven unayatsidwa moto.

Choncho mwambi woti nsomba ikaola imodzi zonse zaola musaugwiritse ntchito pano, mbali zonse ziwiri. Gogo wa ku Prestwich si nduna ya boma la Israel, ndipo woyendetsa takisi wa ku Cheetham Hill si msilikali wa Hamas. Zonse zili m'munsimu zikuchokera pa mfundo imeneyi.

Zikamachitika pamaso panu

Choyamba muyese ndi maso: kodi pali chida? Mukaona mpeni, mfuti, galimoto yothamangira pagulu la anthu, kapena botolo la petulo, musayese ungwazi. Langizo la apolisi a ku Britain ndi la mawu atatu: thawani, bisalani, nenani. Thawani ngati njira ilipo, siyani zikwama, ndipo kokani amene ali pafupi koma musachedwe chifukwa cha wokana. Ngati kothawira kulibe, lowani m'chipinda, khomani, tsamiritsani matebulo pachitseko, khalani kutali ndi chitsekocho, zimitsani kulira ndi kunjenjemera kwa foni. Ku Halle ndi ku Heaton Park komwe, chitseko chotsekedwa ndicho chinapulumutsa anthu ambiri. Mukakhala pabwino ndiye imbani 999. Apolisi a mfuti akafika, manja anu azioneka ndipo musathamangire kwa iwo, chifukwa pa mphindi imeneyo sadziwa kuti wachiwembu ndi ndani.

Ngati simungathe kulankhula, imbanibe 999 pa foni ya m'manja, mvetserani, khosomolani kapena gogodani foniyo, ndipo akakuuzani dinani 55. Ambiri amalakwitsa poganiza kuti kungoimba n'kukhala chete n'kokwanira. Popanda 55 foniyo ikhoza kudulidwa, komanso 55 sauza apolisi pamene muli. Mukapeza mpata nong'onezani dzina la msewu kapena postcode.

Munthu akabayidwa, chimapha msanga ndi kutaya magazi. Pindani nsalu, malaya kapena mpango, kanikizani pabalapo mwamphamvu ndi manja awiri, ndipo musamatukule kuti muone ngati asiya. Nsalu ikanyowa ikani ina pamwamba pake. Mpeni ukatsala m'thupi musauzule, kanikizani m'mbali mwake. M'fundeni jekete kuti asazizidwe, ndipo musam'patse madzi akumwa.

Koma zambiri zimene mudzaone si za mipeni. Ndi kutukwana m'basi, kulavulira, kugwetsa kachipewa ka pamutu kamene amuna a Chiyuda amavala, kukoka hijabu, kapena galimoto yodutsa ikukuwa mawu onyoza, monga zinachitikira pa Finchley Road ku London mu Meyi 2021. Apa cholakwa chachikulu ndi kuyankhana ndi wotukwanayo. Iye akufuna bwalo, ndipo mukamuyankha mwam'patsa. Chimene chimagwira ntchito ndi kupita kwa amene akuzunzidwayo. Khalani pambali pake, m'patseni moni ngati mumadziwana, m'funseni ngati basiyi ikudutsa pa siteshoni yakuti, chezani naye nkhani ina iliyonse mutam'fulatira pang'ono wovutayo koma mukumuonabe ndi ngodya ya diso. Ambiri akaona kuti munthu salinso yekha amazirala. Siyani danga la mikono iwiri pakati pa inu ndi iye, ndipo musamukhudze, chifukwa mukayamba ndinu kukankha nkhani imatembenuka.

Musamakuwe kuti wina athandize, aliyense amaganiza kuti mukunena mnzake. Lozani munthu mmodzi: "Achimwene a jekete yofiira, kauzeni dalaivala aime." "Amayi, imbani 999." M'sitima mungatumize uthenga ku 61016, nambala ya British Transport Police, osatulutsa mawu. Lembani sitima yochokera kuti kupita kuti, bogi yachingati, ndi siteshoni imene mukuyandikira.

Zikatha musangoti pepani n'kutsika. Funsani munthuyo chimene akufuna: kumuperekeza, kumuimbira abale, kapena kudikira naye apolisi. M'siyireni dzina ndi nambala yanu ngati mboni. Kumbukirani ichi: kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu mpaka kukada Loweruka, Myuda wosunga Sabata satenga foni, ndalama ngakhale kukwera galimoto. Ndiye kuti foni imene ilipo ndi yanuyo. Lembani nambala papepala ngati angalandire, kapena m'funseni dzina la sunagoge wake kuti mukasiye uthenga. Moyo ukakhala pangozi musazengereze kuitana ambulansi poopa kumuswetsa Sabata, chifukwa lamulo la Chiyuda lenilenilo limaika kupulumutsa moyo patsogolo pa Sabata. Ayuda ena osunga kwambiri chipembedzo, monganso Asilamu ambiri, sagwirana chanza ndi munthu amene si mwamuna kapena mkazi mnzawo. Akabweza dzanja sikuti akukunyozani.

Umboni

Milandu yambiri ya mtundu umenewu imafera panjira chifukwa cha umboni wosalongosoka. Ola lisanathe, lembani m'foni kapena papepala nthawi yeniyeni, malo, nambala ya basi ndi komwe imalowera, nambala ya galimoto, msinkhu ndi zovala za wolakwayo, ndi kumene analowera. Koposa zonse lembani mawu amene ananena, monga anawanenera, ngakhale akhale onyansa chotani. Apa ulemu wathu umatipweteketsa. Timakonda kunena kuti "anatukwana kwambiri" pochita manyazi kubwereza. Koma khothi limafuna mawu enieniwo, chifukwa ndi amene amasonyeza kuti chinam'tuma ndi chidani cha mtundu kapena chipembedzo. Pansi pa lamulo la Crime and Disorder Act 1998, kumenya wamba kumene chilango chake sichipitirira miyezi 6 kumafika zaka 2 kukapezeka kuti kunali ndi tsankho lotere, ndipo kuvulaza kwa zaka 5 kumafika zaka 7. Ngati anayankhula m'chilankhulo chimene simukuchidziwa, lembani mmene munamvera ndipo nenani kuti simunamvetse tanthauzo. Musawonjezere.

Kujambula kanema n'kololedwa pamalo a aliyense, koma jambulani muli patali ndipo foni isakulepheretseni kuthandiza. Yesetsani kuti mawu amveke, nkhope ioneke, ndiponso chizindikiro cha malo monga dzina la sitolo. Kanemayo musamudule, musamuikire mawu, ndipo musam'fufute m'foni mutam'tumiza pa WhatsApp, popeza WhatsApp amachepetsa kuoneka bwino kwa kanema ndipo tsiku ndi malo zimene foni inasunga zimatha kutayika. Apolisi amafuna woyambirirayo.

Makamera a m'mabasi, m'masitolo ndi m'misewu sasunga zithunzi mpaka kalekale. Ambiri amafufuta pakatha pafupifupi mwezi, ena m'masiku ochepa chabe. Wonena Lolemba amapeza kanema, wodikira kumapeto kwa mwezi amapeza palibe. Zolemba zonyoza pakhoma, pamanda kapena pachitseko zijambuleni pafupi ndi patali musanazifufute, kenako muuze khonsolo ya dera lanu. Ngati munthu walavuliridwa, chovalacho chisachapidwe, chiikeni m'thumba la pepala, chifukwa malovu ndi umboni. Za pa intaneti jambulani tsamba lonse, dzina la wolemba, tsiku ndi adiresi ya tsambalo zikuoneka, musanakanene kwa eni Facebook kapena X, chifukwa akachotsa uthengawo umboni wapita nawo.

Kokanena

Ngati ngozi ikadalipo kapena wolakwayo ali pafupi, 999. Ngati zatha, 101, kapena tsamba la True Vision pa report-it.org.uk, limene limatumiza nkhani kwa apolisi a dera loyenera. Poyamba penipeni nenani kuti mukuona kuti ndi hate crime. Mawu awiriwa ndi ofunika. Ndondomeko ya apolisi imati mlandu ulembedwe motero ngati wochitiridwayo kapena munthu wina aliyense akuona kuti unachitika chifukwa cha tsankho. Simufunika kutsimikizira, kufufuza ndi ntchito yawo. Simufunikanso kukhala wochitiridwayo, mboni imanena payokha. Ndipo munthu amene wamenyedwa chifukwa anam'ganizira kuti ndi Myuda kapena Msilamu pamene si choncho amatetezedwa chimodzimodzi.

Musadule foni musanalandire crime reference number. Ilembeni pamodzi ndi dzina ndi nambala ya wapolisi amene mwalankhula naye. Popanda nambala imeneyi kutsatira nkhani yanu kuli ngati kufunafuna singano mumchenga. Pakatha sabata osamva kanthu, imbani 101 n'kutchula nambalayo. Ngati Chingerezi chikukuvutani popereka sitetimenti, pemphani womasulira, simulipira. Werengani zimene alemba musanasaine, ndipo ngati mawu a tsankho aja awasiya, auzeni awabwezeremo.

Nenaninso ku CST ngati wozunzidwa ndi Myuda, kapena ku Tell MAMA ngati ndi Msilamu. Mabungwewa amathandiza wozunzidwayo, amatsatira nkhani kwa apolisi, ndipo amalemba ngakhale zimene sizifika pokhala mlandu. Zing'onozing'ono zisanu za mumsewu umodzi zikalembedwa zimaonetsa kuti pali munthu mmodzi amene akuvutitsa.

Funso limene Amalawi ambiri amaopa kufunsa ndi la mapepala. Ngati viza yanu ili bwino, kukhala mboni sikuikhudza, ndipo abwana anu alibe chonena. Ngati mapepala anatha, dziwani kuti apolisi akhoza kugawana zimene akudziwa ndi Home Office. Zikatero pali Crimestoppers pa 0800 555 111, amene safunsa dzina, kapena perekani zimene munaona kudzera ku mabungwe awiri aja. Mukaona zokayikitsa zoti wina akukonza chiwembu, monga kujambula zitseko ndi makamera a sunagoge kapena mzikiti mobwerezabwereza, kapena kufunsa nthawi imene ana amaweruka, nambala ya apolisi olimbana ndi uchigawenga ndi 0800 789 321.

Mlomo ndi foni

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mu Julayi 2024, atsikana atatu ataphedwa ku Southport, bodza linafala pa intaneti loti wakupha anali Msilamu wongofika pa boti. Tsiku lotsatira gulu linaukira mzikiti wa m'tauniyo, zipolowe zinafalikira m'mizinda ina, ndipo anthu ena anamangidwa chifukwa cha zimene analemba ali pampando kunyumba kwawo. Wakuphayo anabadwira ku Cardiff. Ngati ndinu woyang'anira gulu la WhatsApp la Amalawi, la mpingo kapena la mzikiti, chiwembu chikangomveka tsekani gululo kuti azilemba ndi oyang'anira okha kwa maola angapo. Ikani zimene apolisi a deralo alengeza basi. Chotsani dzina kapena chithunzi chilichonse cha woganiziridwa chimene apolisi sanatulutse, ndipo amene watumiza muimbireni pambali, osamuyalutsa pagulu. Munthu akamangidwa, kufalitsa zonena za mlandu wake kukhoza kusokoneza khothi, ndipo pali lamulo loletsa zimenezi.

Kudzudzula boma la Israel, kulirira ana a ku Gaza, kunyamula mbendera ya Palestine kapena kuyenda nawo pa zionetsero zovomerezeka si mlandu, ndipo Ayuda ena amayenda nawo. Malire amadumphidwa pamene mkwiyo wachoka pa boma n'kugwera Myuda aliyense: kukachitira chionetsero pakhomo la sukulu ya ana a Chiyuda, kufunsa mnzanu wa kuntchito kuti ayankhire zochita za asilikali, kuyamikira Hitler, kukana kuti Ayuda 6 miliyoni anaphedwa, kapena kuimba nyimbo ya Khaybar, imene imakumbutsa nkhondo ya m'chaka cha 628 imene Asilamu anagonjetsa Ayuda a ku Khaybar ndipo Ayuda amaimva ngati kuopseza kuwapha. Nkhani yoti Ayuda ndiwo amalamulira mabanki ndi maboma onse inafalitsidwa kwambiri ndi chikalata chabodza chotchedwa Protocols of the Elders of Zion, chimene chinatuluka ku Russia mu 1903 ndipo nyuzipepala ya The Times inaulula chinyengo chake mu 1921. Chimayendabe m'mafoni mpaka lero, nthawi zina chitavala mavesi. Akhristu nawonso adziyese: kutcha Ayuda onse kuti opha Yesu ndi chiphunzitso chimene Mpingo wa Katolika unachikana poyera mu 1965. Mbali inayo, kunena kuti Msilamu aliyense ndi chigawenga, kapena kumuumiriza kuti apepese chifukwa cha mlandu wa munthu amene sanamuonepo, ndi matenda omwewo.

Achinyamata auzeni momveka kuti Hamas ndi Hezbollah ndi magulu oletsedwa ku Britain pansi pa Terrorism Act 2000. Kukopa anthu kuti awathandize kukhoza kufikitsa munthu ku zaka 14, ndipo ngakhale kuvala kapena kuonetsa chizindikiro chawo ndi mlandu. Kwa amene si nzika, chilango cha miyezi 12 kapena kuposerapo chimatsegula njira yobwezedwa kwawo. Mwana akayamba kubwera ndi mawu achilendo a chidani, kudzipatula, ndi kuonera makanema a ziwawa usiku, kum'kalipira kumangomuthamangitsira kwa amene akum'phunzitsawo. M'funseni kumene wazimva, onerani limodzi, ndipo itanani shehe kapena m'busa amene mwanayo amamulemekeza.

Kuntchito

Osamalira okalamba m'nyumba za Ayuda amapewa mikangano yambiri pongodziwa zinthu zochepa. M'khitchini yosunga malamulo a kosher, ziwiya za nyama ndi za mkaka sizisakanizidwa, ndipo chakudya chanu chochokera kunyumba musachitenthetse m'mapoto awo musanafunse. Kabokosi kakang'ono kokhomedwa pafelemu la chitseko ndi mezuzah, muli malemba opatulika, si chithumwa ndipo musakachotse popukuta. Pa Sabata musazimitse magetsi amene asiyidwa oyaka. Nkhani za nkhondo musaziyambitse kwa wodwala, ena mwa okalambawa anataya makolo awo m'misasa ya Nazi. Koma inunso muli ndi ufulu. Lamulo la Equality Act 2010 limateteza Myuda ndi Msilamu mofanana. Wodwala, wachibale wake kapena mnzanu wa ntchito akakunyozani chifukwa cha hijabu kapena khungu, lembani tsiku, mawu ndi mboni, perekani dandaulo kwa manejala mwa kalata kapena imelo, ndipo sungani kope. Zikakanika pitani msanga ku ACAS, bungwe loyanjanitsa antchito ndi mabwana awo, chifukwa nthawi yokasuma ku khothi la zantchito ndi ya miyezi yochepa.

Kukumanitsa mzikiti ndi sunagoge

Kwathu tinazolowera kuona mashehe ndi mabishopu pa tebulo limodzi m'bungwe la Public Affairs Committee kuyambira 1992, choncho ntchito imeneyi si yachilendo kwa ife. Ku Britain kuli oyambapo kale amene mungawafunse nzeru: Muslim Jewish Forum of Greater Manchester, ndi Nisa-Nashim, gulu la amayi a Chisilamu ndi a Chiyuda limene Julie Siddiqi ndi Laura Marks anayambitsa mu 2015. Nthawi yoyambira ndi pamene kuli bata. Ubale woyambika tsiku la maliro sukhalitsa.

Musangotulukira pa sunagoge, ngakhale mutanyamula maluwa. Pakhomo pamakhala alonda, ndipo gulu la anthu osadziwika limadzetsa mantha. Lembani imelo kwa rabi kapena mlembi wa sunagoge, fotokozani kuti ndinu ndani, ndipo ngati pali khansala kapena wapolisi wa m'dera wodziwa mbali zonse, akhale mkhalapakati. Akakupemphani mayina pasadakhale ndi ziphaso pakhomo, musakhumudwe, alendo onse amatero.

Yambani ndi anthu ochepa, asanu kapena asanu ndi mmodzi mbali iliyonse, amayi ndi achinyamata alimo. Kukumana koyamba kukhale pamalo a pakati, monga chipinda cha laibulale kapena holo ya khonsolo. Lachisanu masana ndi la swala ya Ijumaa, madzulo ake mpaka Loweruka usiku ndi Sabata, choncho Lamlungu masana kapena madzulo a pakati pa sabata ndiye abwino. Yang'anani kalendala zonse ziwiri: Ramazani ndi ma Idi mbali iyi, Pasika wa Chiyuda, Rosh Hashanah ndi Yom Kippur mbali iyo. Siyani mphindi khumi ndi malo oyera a swala ikakwana.

Pa chakudya m'pamene ambiri amapunthwa ndi mtima wabwino. Nyama ya halaali si kosher, Myuda wosunga malamulo sangadye, ngakhalenso ndiwo zamasamba zophikidwa m'mapoto anu. Asilamu ambiri amalandira chakudya cha kosher, bola musakhale vinyo kapena mowa. Njira yosavuta ndi kugula zipatso zosasenda, mabisiketi otsekedwa okhala ndi chizindikiro cha kosher, tiyi, ndi mbale ndi makapu otaya. Mapaketi muwasiye patebulo kuti aliyense awerenge yekha.

Gwirizanani malamulo atatu musanayambe: aliyense alankhule za iye mwini osati za mtundu wonse, zonenedwa m'chipindamo zisatuluke ndi mayina, ndipo pasakhale kujambula. Chithunzi cha atsogoleri akugwirana chanza chikatuluka msanga, aliyense amakalandira mwano kwa anthu ake, ndipo ena sabweranso. Funso loyamba likhale la pafupi: kodi mwana wanu amayenda bwanji popita kusukulu masiku ano? Pamenepo bambo wina adzanena kuti anauza mwana wake abise kachipewa kake m'thumba, mayi wina adzanena kuti mwana wake wamkazi anasiya kukwera basi yekha, ndipo chipinda chimakhala zii. Za Israel ndi Palestine musayambire, koma musazitsekerenso kunja mpaka kalekale. Magulu ambiri amene anangodya limodzi osaikhudza nkhaniyi anagwedezeka kwambiri pambuyo pa Okutobala 2023. Ifikeni pa kukumana kwachitatu kapena kwachinayi, pakhale wotsogolera zokambirana, aliyense apatsidwe mphindi zofanana popanda womudula, ndipo cholinga chikhale kumvana, osati kugwirizana. Chimene chimapha misonkhano imeneyi msanga ndi mawu oti "yambani mwadzudzula zakuti ndiye tikambirane."

Pezani ntchito yogwira ndi manja: kusonkhetsa chakudya cha osowa, kupereka magazi, kapena kuuza khonsolo limodzi za magetsi a mumsewu ndi makamera. Nkhani za manda, mdulidwe ndi kazingidwe ka nyama zimakhudza mbali zonse ziwiri mofanana. Ku Bradford mu 2013 Asilamu anathandiza kusonkhetsa ndalama zopulumutsira sunagoge wakale amene denga lake linali kudontha. Chaka chomwecho malo a Asilamu a ku Somalia a mtundu wa Bravanese atapsa ku Muswell Hill, Finchley Reform Synagogue inawapatsa malo opempherera m'mwezi wa Ramazani, ndipo anapitiriza kutero kwa zaka zingapo.

Musabalalike pa kukumana koyamba musanapatsane manambala a foni za m'manja, anthu awiri mbali iliyonse, ndi kugwirizana chochita tsiku loipa likadza. Amene wamva koyamba aimbire mnzake ola lisanathe, kufunsa ngati anthu ake ali bwino ndi chimene akusowa. Uthenga wa pamodzi ukhale wa mizere inayi kapena isanu, utchule choipacho ndi dzina lake, kaya ndi chidani cha pa Ayuda kaya cha pa Asilamu, ndipo musaikemo mawu oti "koma". Shehe aubwereze pa khutuba ya Lachisanu, rabi Loweruka, m'busa Lamlungu. Ngati mukufuna kukaima panja pa nyumba yopemphereramo ya anzanu, monga achinyamata a Chisilamu anachitira pozungulira sunagoge wa ku Oslo mu Febuluwale 2015, funsani kaye eni ake ndi apolisi nthawi ndi malo oti muime, ndipo khomo mulisiye lotseguka kuti opembedza azilowa.